Michira ya pa Chingwe cha Rufina

Anthu a ku Lifidzi amene anamuona Rufina Nangozo ndi maso amatsutsana pa zambiri, koma pa chimodzi amavomerezana: mayi ameneyu sankataya nsalu. Kachidutswa kangachepe ngati chikhadabo, ankakatola, kukakuntha fumbi, n'kukaponya m'thumba limene linkakhala pansi pa makina ake. Ngakhale ulusi, akamaphwasula chovala chakale ankausolola mosamala n'kuukulunga pachitsononkho. Anzake ankamunena kuti ndi woumira. Iye ankangoyankha kuti amene amaseka chigamba sanavalepo chiguduli.

Chigudulicho iye anachivaladi ali mwana. Kusoka anakaphunzira kwa masisiteri ku Fonte Boa, ndipo makina opukusa ndi dzanja anabwera nawo ndi mwamuna wake Artur pochokera ku migodi ya ku Joni. Artur anabweranso ndi chifuwa chimene chinamutenga m'chaka cha 1966, n'kumusiya Rufina ndi mwana mmodzi, Violeta, ndi makinawo. Kuyambira pamenepo ankasokera pakhonde la kantina ya m'mbali mwa msewu, sitolo ya Mpwitikizi wina ndi mkazi wake Dona Conceição. Pakhonde pamenepo kolala yothaitha inkatembenuzidwa n'kukhalanso yatsopano, thalauza la malemu linkabala makabudula awiri a ana amasiye, ndipo matumba a ufa wa tirigu ankasanduka malaya a kusukulu. Tizidutswa ta m'thumba tija anali nato cholinga. Ankafuna kudzalumikiza chofunda chachikulu cha ukwati wa Violeta, ndipo ankachiona kale m'mutu mwake.

M'chaka cha 1969 Dona Conceição anapita ku Tete n'kubwerako maondo ali poyera. Sabata yoyamba atsikana anamuseka. Yachiwiri anasiya kuseka. Yachitatu anali atandanda pakhonde, aliyense deresi lake limodzi lokhalo, lopita nalo ku Misa, lili m'manja.

"Mudule apa, a Nangozo," anatero Florinda, mwana wa katekisita, akuloza pamwamba pa bondo.

"Apa? Maondo akowa akulakwira chiyani kuti uwapereke ku mphepo ya kuno?"

"Ndi moda, amayi. Ndi mmene akuvalira kutauni."

"Nanga modayo ikadzatha, nsaluyi idzaphukanso ngati chisoso?"

Anadula ndithu, poti ntchito ndi ntchito, koma ankadula akung'ung'udza ngati akudzidula chala. Chidutswa cha m'munsicho sankalola kuti mwini wake apite nacho, chifukwa ankadziwa kuti chikathera kusefera mowa kapena kumangira bala. Ankachipinda n'kuchikoleka pachingwe cha khonje chimene anamanga kukhoma la khonde, mumthunzi. Anthu anazitcha zidutswazo michira. Panalibe chifukwa cholembera mayina. Kumene mtsikana ali ndi deresi limodzi, aliyense amadziwa kuti mchira wamaluwa achikasu ndi wa Florinda, wamadontho ndi wa mwana wa uje.

Mwana wake yekha ndiye anakana kumudulira. Violeta anapirira zaka ziwiri, kenaka tsiku lina anatenga lumo n'kukadula deresi lake lofiira kuseri kwa nkhokwe, mokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Rufina anakhala masiku atatu osamuyankhula. Koma mchira wokhotawo anakautola kuseri kwa nkhokweko, n'kuukoleka pachingwe pamodzi ndi inzake.

Kutsidya kwa malire zinthu zinali zina. Ku Malawi chovala choonetsa maondo chinali choletsedwa, ndipo mkazi wochivala ankatha kuchititsidwa manyazi pamsika. Atsikana a kuno akamapita kumalire ku Kalomwe kukagulitsa nyemba ndi kachewere ankangomanga nsalu pamwamba, n'kudzamasula pobwerera. Kwa tsiku limodzi zimenezo zinkakwana.

Nkhondo inayamba kumveka ngati nkhani ya kutali, ya ku Zambezi uko. Pofika chaka cha 1973 inali pakhomo. Asilikali a Apwitikizi anamanga msasa pamlatho, ndipo pambuyo pokolola kunabwera lamulo lakuti midzi yonse ya chigwa chimenecho isamukire m'mudzi umodzi wozunguliridwa ndi waya, kuti pasakhale wodyetsa anyamata a m'tchire omenyana ndi Apwitikiziwo. Wothawira ku Malawi ankatengedwa ngati mnzawo wa anyamatawo. Bambo wina dzina lake Pita anagwidwa m'njira ndi banja lake, anapita naye kuposito, ku ofesi ya mzungu wolamulira deralo, ndipo mkazi wake anangolandira chipewa.

Chimene chinkaopsa makolo kwambiri sanali waya. Ochokera m'midzi imene inatsekeredwa kale ankanong'ona kuti asilikali amasankha anamwali okawachapira kumsasa, ndipo anamwaliwo amabwerako osafunanso kuyang'ana munthu kumaso. Msilikali wina anali atafunsa kale pakantina kuti mtsikana wa deresi lofiira uja dzina lake ndani. Rufina anamva funsolo ndi makutu ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunakhalenso m'malo.

Mabanja ena anapangana mwakachetechete. Anamwali ndiwo atsogole, masana dzuwa likuswa mtengo, Loweruka lomaliza malole osamutsa anthu asanabwere. Loweruka linali tsiku lokhalo limene akazi ankaloledwa kupita ndi madengu ku msika wa Kalomwe. Akakafika azikangolowerera m'chigulu cha anthu, n'kukatulukira ku Dedza kwa achibale. Akuluakulu adzaona okha chochita.

Woyamba kubwera pakhonde anali mayi wake wa Florinda, deresi lili m'khwapa.

"Mutibwezere mchira uja, a Nangozo."

Rufina sanafunse chifukwa. Wopita kumsika amamanga nsalu pamwamba. Wotsitsa deresi ndi amene akukakhala komweko, kumene sangayende nalo lalifupi tsiku ndi tsiku, komanso nsalu yake yomanga ija idzakhala itamanga katundu. Kunena zoona, m'kati mwa mantha onsewo Rufina anasangalalako. Zaka zinayi akutchedwa woumira, lero eni ake omwewo akubwera mogwada. Anasoka michira isanu ndi itatu sabata imodzi, ndipo wachisanu ndi chinayi unali wa Violeta, umene anavutika nawo tsiku lathunthu kuti mbali zokhota zija zikumane. Msoko wake unatsalabe wokhota.

Cholakwa chake anachiona Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi. Pakhonde paja mumthunzi sichinkaoneka, koma padzuwa chinali poyera. Maderesi anali atasuluka ndi sopo ndi dzuwa la zaka zinayi, pamene michira, yosungidwa bwino monga mmene Rufina ankasungira zinthu, inali ikadali yatsopano. Atsikana asanu ndi anayi ankayenda pabwalo aliyense ali ndi mzere wowala kumunsi, wooneka ngakhale uli kutsidya kwa dambo. Zinali ngati wawaika chizindikiro ndi dzanja lake. Rufina atacheuka anapeza Justino ataima pansi pa mkungudza, akuyang'ana komweko.

Justino anali mng'ono wake wa malemu Artur, ndipo anali sipayo, wapolisi wachikuda wa kuposito. Sanali munthu wankhanza, koma sanali woti n'kumuuza chinsinsi. Nkhani ya Loweruka inalambalala nyumba yake, moti mchira wobiriwira wa mwana wake Lucinda unali ukadali pachingwe.

Lolemba m'mawa anafika pakhonde. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za chifuwa cha Violeta, kenaka anayamba kukhudza michira ndi kandodo kake, umodziumodzi.

"Inalipo makumi awiri ndi itatu, alamu. Yatsala khumi ndi inayi."

"Kwazizira chaka chino, alamu," anatero Rufina, maso ali pasingano.

"Kwazizira anthu asanu ndi anayi okha?"

Justino anakhala pachitsa n'kutsitsa mawu.

"Ine ndinagwira ntchito zaka ziwiri ku Kalomwe. Ndimadziwa chimene mkazi amatsitsira deresi. A shefi, mzungu wa kuposito uja, akubwera Lachisanu kudzalemba mayina a okwera malole. Maso ali nawo, ndipo akaona adzafunsa ine." Anatambasula zikhatho zake. Zinali zotupa, zakuda ngati biringanya. "Mwezi watha banja lina linasowa ine osanena kanthu. Mbalamatodya makumi awiri dzanja lililonse. Andiuza kuti ulendo wina sadzavutikanso ndi manja."

Mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lomenyera m'manja, Rufina ankalidziwa.

"Violeta ndi mwana wa achimwene anu."

"Ndikudziwa. Nanenso ndili ndi mwana wofuna bambo."

Anadzuka n'kumapita. Sananene kuti akaulula, sananenenso kuti sakaulula.

Rufina anagwira njakata. Kuphwasula michira ija kunali kosathandiza, poti mudzi wonse unali utaiona, ndipo chinthu chooneka Lamulungu n'kusowa Lachisanu chimafunsitsa koposa. Kubisa maderesi kunali kosatheka, chifukwa atsikanawo analibe china chovala pamaso pa shefi. Anakhala mpaka dzuwa kufika pamutu makina ali duu, akudzitukwana mumtima. Akanawasiya ana aja apite nazo zidutswa zawo zikathere kusefera mowa, lero sibwenzi pali mlandu.

Ali m'maganizo choncho anaona Dona Conceição atakhala pakhomo la kantina pafupi ndi mbaula, akusisita maondo ake otuwa ndi chisanu. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Moda yodula inalowa m'mudzi muno kudzera pa maondo amenewa. Ina ikhozanso kulowera pomwepo.

"Dona, mwaona atsikana dzulo? Akuposani."

"Andiposa chiyani?"

"Zazifupi zatha. Mayi wina wochokera ku Beira anadutsa pano mwezi watha, inu muli kutauni ku Vila. Kumunsi kwa deresi lake kunali mzere wa mtundu wina, wowala. Ndi zimene akutengera anawa."

Rufina anali asananamepo pa nkhani ya nsalu chibadwire. Koma Dona anali munthu wosalola kuti mwana wa katekisita amutsogolere. Dzuwa lisanapendeke anatulutsa maderesi atatu.

Pamenepo Rufina anakoka thumba lija n'kulikhuthula pamkeka. Munatuluka zaka zisanu ndi ziwiri za tizidutswa: totsala pa malaya a akwati, pa mikanjo ya ubatizo, pa shati lomaliza la Artur. Anasankha towala kwambiri, analumikiza, n'kusokera kumunsi kwa deresi la Dona. Lachiwiri m'mawa Dona anayenda nalo mumsewu kuchoka pakantina mpaka pachitsime n'kubwerera, popanda chimene akukatenga. Masana ake pakhonde panalibe poponda.

Eni michira yotsala anabwera kudzaitenga. Amayi amene sanadulitsepo deresi chibadwire nawonso ankafuna mzere wawo, ndipo Rufina, amene ankakaniza ngakhale ulusi wa chala chimodzi, ankangowapatsa. Anasokera ana aang'ono, anasokera mkazi wa mphunzitsi, anasokera ngakhale nkhalamba ina yosaona imene inangomva kuti kukugawidwa zinthu. Nyale inali yoletsedwa, choncho ntchito yonse inali ya dzuwa. Pofika Lachitatu mkono wake wamanja unatupa, ndipo Violeta ndiye ankapukusa makina, mayi ake akuyendetsa nsalu.

"Amayi, izi si za chofunda changa?" anafunsa mtsikanayo, ataona thumba likuphwa.

"Chofunda amafunda ndi wamoyo. Pukusa."

Lachinayi madzulo thumba linali lopanda kanthu, ndipo pachingwe panatsala mchira umodzi, wobiriwira uja. Rufina anatuma Violeta kukaitana Lucinda. Anabwerako yekha. Bambo ake aang'ono, Justino, anali atanena kuti nyumba yawo isalowe m'zimenezi.

Lachisanu shefi anafika pa galimoto ndi asilikali anayi. Anamuikira tebulo patsogolo pa kantina, Justino ataima pambali pake kuti azimasulira. Anthu anandanda banja ndi banja. Rufina anakhala pamalo ake a masiku onse, dzanja lili pachopukusira, koma makina sankayenda. Chipwitikizi sankachimva, choncho ankangowerenga nkhope.

Shefi analemba mabanja atatu, kenaka anaika cholembera pansi. Anayang'ana kumunsi kwa mayi amene anali patsogolo pake, n'kuyang'ananso wotsatira, mpaka kumapeto kwa mzere. Mphumi yake inachita makwinya. Analoza ndi chala n'kufunsa Justino kanthu.

Rufina anaona Justino akuyang'ana zikhatho zake, kenaka maso ake anapita kwa Violeta, pa msoko wokhota uja, n'kukhala pamenepo. Shefi anabwereza funso, mokweza. Nthawi yomweyo Dona Conceição anatuluka ndi khofi pathireyi, akuyenda monyang'wa, kumunsi kwake kukuwala mitundu isanu. Justino anatsegula pakamwa n'kunena liwu limodzi limene aliyense pabwalopo ankalidziwa.

"Moda."

Shefi anayang'ana Dona, anapukusa mutu n'kuseka, anatolanso cholembera. Rufina anazindikira kuti wadzibaya ndi singano ndipo magazi akudonthera pamkeka.

Koma tsikulo linali lisanathe. M'gulu lonselo munali mtsikana mmodzi yekha wa maondo oonekera, ndipo maso a asilikali anayi aja anali atamupeza kalekale. Banja la Justino litafika patebulo, wamkulu wa asilikaliwo anawerama n'kunong'oneza shefi. Shefi anaika kamtanda pambali pa dzina lina n'kuyankhula mosalabadira, ngati akunena za nkhuku. Justino anayenera kumasulira yekha, pamaso pa anthu onse.

"Akuti Lucinda Xavier kuyambira Lolemba azikachapa kumsasa."

Lucinda anayesa kukokera deresi lake pansi ndi manja onse awiri, koma panalibe chokoka.

Galimoto itapita, anthu atabalalika, Justino anabwera pakhonde ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Anakaika pamakina. Sanakhale pansi ndipo sanamuyang'ane mlamu wake kumaso.

"Mubwezere mchira wake, alamu."

Rufina anamasula mchira wobiriwira pachingwe, n'kuukuntha.

"Mawa nayenso ali ndi nyemba zokagulitsa," anatero Justino. "Ayende ndi mkulu wake Violeta. Njira saidziwa."

"Nanga inu Lolemba mudzati chiyani?"

"Sokani, dzuwa likupita."

Anasoka. Mkono unkawawa mpaka m'khosi, koma msoko umenewo unali woongoka kuposa yonse imene anasokapo.

Iye mwini sakanatha kupita. Makina akanasowa pakhonde tsiku la msika, mwini kantina akanafunsa dzuwa lisanakwere. Anatsanzikana ndi Violeta m'nyumba, mwachidule, monga anthu oopa kuti akachulutsa mawu alira. Loweruka m'mawa anali pamalo ake, akutembenuza kolala ya mphunzitsi. Asilikali awiri anali atakhala pamasitepe a kantina, akusuta fodya, mfuti zili pamiyendo.

Akazi a kumsika anayamba kudutsa mumsewu, madengu ali pamutu. Rufina anadziwa kuti akangodzutsa mutu nkhope yake imuulula. Anaweramira pasingano, ndipo kuchokera pamenepo ankangoona mapazi ndi m'munsi mwa maderesi. Zinamukwanira. Panadutsa wamaluwa achikasu. Panadutsa wamadontho, ndi mizere ina ya amayi amene adzabwerako madzulo. Ankawerenga ya anamwali okha chamumtima, makina akulira. Wachisanu ndi chinayi unali wobiriwira, msoko wake wadzulo. Kumbuyo kwake kunabwera wofiira, wokhota ngati njira ya woledzera. Mapaziwo anachepetsa liwiro pang'ono pofika pakhonde. Mmodzi wa asilikali aja anayankhula kanthu n'kuseka. Rufina anapukusa makina mwamphamvu, osadzutsa mutu, mpaka mapaziwo anapitirira.

Lolemba malole anabwera, ndipo mayina khumi anaitanidwa popanda woyankha. Woyamba kukwezedwa anali Justino, manja atamangidwa kumbuyo. Za michira sanaululepo kanthu. Anadzatuluka patatha chaka, ufulu utayandikira, zala zake zosathanso kumanga batani, ndipo malaya ake onse kuyambira pamenepo Rufina ankawasokera tizingwe.

Koma zimenezo zinali zam'tsogolo. M'mudzi wa waya Rufina anakhala milungu itatu osadziwa ngati ana aja anawoloka kapena anathera m'njira ngati Pita. Chingwe chake anachimanga pakhoma la chisakasa, chopanda kanthu. Tsiku lina Mateus, bambo wonyamula katundu panjinga pakati pa Kalomwe ndi Vila, anabweretsa thalauza loti aike chigamba. Anati aonenso m'thumba lake, mwina ndi lobooka. M'thumbamo munali kansalu kofiira, kowala, kotalika ngati chala, kodulidwa ndi lumo mokhotakhota.

Rufina anakatembenuza kawiri, n'kukayang'anitsitsa padzuwa.

"Mwana ameneyu wadulanso nsalu," anatero. "Sadzamva mpaka liti?"

Anakamangirira pachingwe ndi mfundo ziwiri, kenaka anakhala pansi n'kulira, Mateus akuyang'ana kumbali.